Kalata yotseguka kwa oyang'anira nkhalango za Madagascar: lumikizani zigamba alemur asanathere pachibale

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zachilengedwe m'dziko la Madagascar, akuluakulu a Madagascar National Parks, ndi inu a mabungwe amene mumapereka ndalama zotetezera nkhalango za pachilumbachi,

Ndikulemba kuchokera kutsidya lino la nyanja, ku Malawi. Ndife anansi: tonse tili mu SADC, ndipo namondwe Freddy amene anasasula nyumba ku Mananjary mu February 2023 ndi yemweyo anadzakokolola midzi ya ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mwezi wotsatira. Ndine mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo, ndipo pempho langa kwa inu ndi ili. Mukamawerengera ntchito yanu kumapeto kwa chaka, musamalekere pa mahekitala amene mwawalemba kuti ndi otetezedwa ndi mbande zimene mwadzala. Muzifunsanso ngati lemur wobadwira m'chigamba chimodzi cha nkhalango angathe kuyenda mpaka kukafika m'chigamba china, n'kukabereka ana kumeneko. Ngati sangathe, nkhalango zanuzo zikusunga nyama zimene zikutha pang'onopang'ono ngakhale palibe amene akuzisaka.

Kwa anzanga amene sanamuonepo, lemur ndi m'bale wa changa, kanyama ka maso aakulu kaja kamalira usiku m'mitengo ya kwathu kuno. Makolo ake anafika ku Madagascar zaka mamiliyoni ambiri zapitazo, ndipo anagawikana n'kukhala mitundu yoposa 100. Wamng'ono pa onse, wotchedwa Madame Berthe, amalemera magalamu 30 okha. Wamkulu ndi indri, amene eni dziko amamutcha babakoto, yemwe kulira kwake kumamveka kutali m'mapiri a Andasibe. Kupatula mitundu iwiri yopezekanso ku zilumba za Comoros, kulibe kwina kulikonse padziko kumene alemur amakhala m'tchire. Mu 2020 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi padziko lonse, linalengeza kuti mwa mitundu 107 imene linaunika, 103 ili pachiopsezo cha kutha, ndipo 33 yafika pakhomo penipeni pa kutheratu.

Ziwerengero za nkhalango mukuzidziwa kuposa ine. Kafukufuku wa Ghislain Vieilledent ndi anzake, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti pakati pa 1953 ndi 2014 Madagascar inataya 44 peresenti ya nkhalango yake yachilengedwe. Chiwerengero chimenechi ndicho chimatchulidwa m'misonkhano. Koma m'kafukufuku yemweyo muli china chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri: 46 peresenti ya nkhalango yotsalayo ili pamtunda wosafika mamita 100 kuchokera m'mphepete mwake. Kutanthauza kuti pafupifupi theka la chimene chatsala ndi zigamba ndi timizere, zozunguliridwa ndi minda ya mpunga, maudzu ndi malo opsa. Kwa nyama yozolowera kudumpha kuchoka pamtengo kupita pamtengo, dambo la udzu la makilomita awiri ndi malire enieni. Ikayesa kudutsa imakumana ndi agalu, akabawi ndi misampha.

Mlimi aliyense woweta mbuzi akudziwa chimene chimachitika tonde mmodzi akakhalitsa m'khola. Amakwera ana ake, kenako zidzukulu zake, ndipo m'zaka zochepa timbuzi timayamba kubadwa tonyentchera, tina takufa, tina tosachedwa kugwidwa ndi matenda. N'chifukwa chake anthu amasinthana atonde ndi anzawo a mudzi wina kuti alowetse magazi atsopano. M'nkhalango yaikulu alemur amachita okha kusinthana kumeneku. Mwana akakula, makamaka wamphongo, amachoka m'gulu limene anabadwira n'kukalowa m'gulu lina. Nkhalango ikaduka, amasowa kolowera. Amakhala pomwepo n'kukwerana ndi abale ake.

Vuto lake lili pawiri. Nyama iliyonse imalandira chibadwa kuchokera kwa mayi ndi kwa bambo, ndipo m'chibadwamo mumabisala tizilema timene sitionekera pokhapokha mwana atatilandira kuchokera mbali zonse ziwiri. Makolo akakhala apachibale, mpata woti tizilema tofanana tikumane mwa mwana mmodzi umakula. Mbali yachiwiri ndi yobisika kwambiri. Pagulu laling'ono, chimene chimapulumuka si chimene chili chabwino, koma chimene chachita mwayi. Tinene kuti m'chigamba muli alemur khumi, ndipo mmodzi yekha ndiye ali ndi chibadwa chopirira matenda ena ake. Fosa, chilombo chimene chimadya alemur, akamugwira asanabereke, chibadwa chija chatha m'chigambamo, ndipo palibe kumene chingachokerenso. Madzi akatayika saoleka. M'badwo uliwonse kumatayika kenakake, mpaka nyama zonse za m'chigambamo zimafanana, ndipo matenda kapena chilala chimene chingaphe imodzi chingaphe zonse.

Musanamizidwenso ndi kuwerenga mitu. Si nyama zonse zimene zimabereka, ndipo zobereka sizibereka mofanana. Akatswiri akawerengera zimenezi amapeza kuti nthawi zambiri chiwerengero chimene chimagwiradi ntchito pachibadwa chimakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a nyama zimene mlonda angaziwerenge ndi maso. Lamulo lakale la akatswiriwa limati pafunika zobereka 50 kuti mupewe mavuto a pachibale m'zaka zochepa, ndi 500 kuti mtundu usunge mphamvu yosinthika pamene nyengo ikusintha. Ena anakweza ziwerengerozi kufika pa 100 ndi 1,000. Tangoganizani, bwana, ndi zigamba zingati ku Madagascar zimene zingasunge alemur 5,000 a mtundu wotchedwa sifaka, kuti zobereka zifike 500?

Izi si zongoganizira m'kalasi ayi. Kumpoto chakumadzulo, ofufuza anayerekeza DNA (chimene chimasunga chibadwa m'thupi) ya alemur a mtundu wa Lepilemur edwardsi a m'nkhalango yaikulu ya Ankarafantsika ndi a m'zigamba zoyandikana nayo. Zotsatira zawo za mu 2009 zinaonetsa kuti a m'zigamba ayamba kale kuchepekedwa pachibadwa, komanso kuti chiwerengero cha mtunduwu chinagwa koopsa m'zaka mazana ochepa apitawa. Kum'mawa, Andrea Baden ndi anzake anafufuza lemur wakuda ndi woyera wa ubweya wambiri m'khosi, Varecia variegata, ndipo mu 2019 anaonetsa kuti ntchito za anthu ndizo zikutsogola polekanitsa magulu a nyamayi. Lemur ameneyu ndi wofunika mwapadera. Amadya zipatso, amameza njere zikuluzikulu n'kukazitaya kutali, ndiponso amanyamula mungu wa mtengo wa ravenala, umene uli pa chidindo cha dziko lanu. Iye akalephera kuyenda, mitengonso imaleka kuyenda.

Nkhani ya ku Manombo iyenera kukhala pa tebulo la aliyense wa inu. Manombo ndi chigamba cha nkhalango m'mphepete mwa nyanja, kummwera kwa Farafangana. Mu January 1997 namondwe Gretelle anachiomba n'kuthyola mitengo yambiri ya zipatso. Katswiri wanu, Jonah Ratsimbazafy, anatsata alemur a Varecia a kumeneko ndipo anaona kuti anakhala zaka zingapo osabereka, akupulumukira masamba ndi zipatso za zomera zachilendo. Kale, nkhalango ya kum'mawa ili yolumikizana, gulu lophwanyidwa chonchi likanalandira alendo ochokera kumene namondwe sanafike. Ku Manombo kunalibe njira yoti mlendo adzere. Anamondwe sanaleke: Batsirai mu 2022 ndi Freddy mu 2023 onse anatera m'dera la Mananjary, pafupi ndi zigamba za Kianjavato.

Palinso lemur wamkulu wodya nsungwi, Prolemur simus. Mafupa ake akale amapezeka m'madera ambiri a chilumbachi, umboni woti anali ponseponse. Anthu anafika poganiza kuti anatha, mpaka pamene Patricia Wright ndi anzake anamuonanso ku Ranomafana mu 1986, ulendo womwewo umene unaululanso mtundu watsopano wa lemur wa nsungwi wa mtundu wa golide. Chifukwa cha nyama ziwirizi paki ya Ranomafana inakhazikitsidwa mu 1991. Komatu m'kati mwa paki yotetezedwayo gulu la Prolemur linapitirira kuchepa mpaka kutsala wamkazi mmodzi. Alonda analipo, malire analipo, ofufuza a pa malo ochitira kafukufuku a Centre ValBio analipo. Chimene chinasowa ndi njira yoti ena a mtundu wake afikire kumeneko.

Tsopano ndifike pamene ndikuopa kuti mungapusitsidwe. Ofufuza atawerenga DNA yonse ya mitundu yambiri ya alemur, anapeza chinthu chodabwitsa: ambiri mwa iwo, kuphatikizapo asifaka amene ali pangozi yaikulu, adakali ndi chibadwa chosiyanasiyana kwambiri, kuposa cha ife anthu. Wina akhoza kubwera ndi lipoti limeneli muofesi mwanu n'kunena kuti palibe chofulumirira. Chonde musamumvere. Sifaka amatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 20, ndipo wamkazi amayamba kubereka atakwanitsa zaka zingapo. Indri amabereka mwana mmodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu. Chigamba chimene chinaduka m'ma 1990 chaona mibadwo yochepa chabe chidukireni. Chuma chimene chikuoneka m'magazi a nyamazi lero chinasonkhanitsidwa m'nkhalango yaikulu imene kulibenso, ndipo kutayika kwake kudzaonekera mwa zidzukulu zawo. Tanthauzo lenileni la lipotilo n'lakuti nthawi idakalipo. Mukalumikiza zigamba panopa, pali chimene mungapulumutse. Mukadikira mpaka makina a DNA atakuuzani kuti zinthu zaipa, mudzalumikiza nyama zimene zatsala kale ndi zochepa zogawana.

Sindikunena kuti chigamba chilichonse chilumikizidwe ndi chinzake, kapena kuti malire onse anaikidwa ndi nkhwangwa. Ku Daraina, kumpoto, kumakhala sifaka wa chipewa cha golide, Propithecus tattersalli. Erwan Quéméré ndi anzake anapeza kuti chimene chimagawa kwambiri nyamazi ndi mtsinje wa Manankolana, kuposa msewu waukulu wodutsa m'deralo, ndipo mu 2012 anaonetsa kuti chiwerengero chawo chinayamba kutsika kalekale, mwina chifukwa cha chilala, zisanafike zoti anthu azitentha tchire kumeneko. Chimodzimodzi mtsinje wa Mangoro: umagawa Varecia m'magulu awiri, a kumpoto ndi a kummwera, osiyana pachibadwa kuyambira kale. Kunyamula wa kumpoto kukamuponya kummwera popanda kufufuza n'kusokoneza chimene chilengedwe chinakonza. Nkhani ya ku Daraina ikutikumbutsanso kuti tisamathamangire kuloza chala mlimi wosauka pa dambo lililonse limene tikuliona. Ntchito ya DNA n'kukuuzani kuti mpata uti unatsegulidwa ndi anthu posachedwa ndipo uyenera kutsekedwa, ndi uti umene ndi wakale.

Mu 2003, pamsonkhano wa ku Durban, Pulezidenti Marc Ravalomanana analonjeza kukuza malo otetezedwa kuchoka pa mahekitala 1.7 miliyoni kufika pa 6 miliyoni. Lonjezolo linakwaniritsidwa papepala, ndipo chabwino chake n'chakuti linabala nkhalango zolumikiza monga ya Ankeniheny-Zahamena ndi ya Ambositra-Vondrozo, imene imagwirizanitsa Ranomafana ndi Andringitra. Nkhalango zimenezi ndizo njira zimene ndikunena. Koma ndizonso zimasowa alonda ndi ndalama, chifukwa alendo odzaona malo amapita ku mapaki otchuka. Mu 2016 anthu zikwizikwi anakhamukira m'kati mwa Ankeniheny-Zahamena kukakumba miyala ya safiro. Pa chisokonezo cha ndale cha 2009, mitengo ya rosewood inadulidwa ku Masoala ndi Marojejy n'kutumizidwa kunja, monga mmene mukula unathera ku Zambia, ndipo mu 2010 UNESCO inaika nkhalango za kum'mawa zotchedwa Atsinanana, zimene Masoala ndi Marojejy zili mbali yake, pa mndandanda wa malo amene ali pangozi. Nkhalango yolumikiza ikaduka pamalo amodzi opapatiza, mapaki awiri amasanduka zilumba. Ikani alonda ndi ndalama pamalo opapatizawo poyamba.

Msewu watsopano wa pakati pa Antananarivo ndi Toamasina, umene ntchito yake inayamba mu 2022, dziko lanu likuufuna, ndipo palibe munthu wanzeru angakanize anthu msewu wopita ku doko lawo lalikulu. Koma oteteza chilengedwe anadandaula kuti njira yake ikuopseza nkhalango za Anjozorobe-Angavo ndi Ankeniheny-Zahamena. Phula lokha siliopsa kwambiri. Choopsa ndi makala, matabwa ndi minda zimene zimatsata phula. Ulambalalitseni nkhalango paliponse pamene n'kotheka. Pamene sizingatheke, lamulani omanga aike milatho ya alemur pamwamba pa msewu, monga anachitira ku mgodi wa Ambatovy pafupi ndi Moramanga, kumene mitundu ingapo ya alemur inaoneka ikuwolokerapo.

Za kudzala mitengo, ndikupemphani musiyanitse zinthu ziwiri. Bulugamu ndi paini ndi zofunika pa nkhuni ndi milimo, ndipo zimachepetsa nkhwangwa m'nkhalango yachilengedwe. Koma munda wa bulugamu si njira ya Varecia, amene amafuna zipatso. Ku Kianjavato, bungwe la Madagascar Biodiversity Partnership limatola njere m'ndowe za alemur omwewo, kuzifesa m'manazale, n'kudzala mbande m'mipata ya pakati pa mapiri, anthu a m'midzi akulandirapo malipiro. Ku Andasibe, a Mitsinjo, omwe ndi anthu a komweko, akhala akudzala mitengo yachilengedwe yolumikiza zigamba za indri. Mbande 10,000 zodzalidwa pampata woyenera zimaposa miliyoni imodzi yodzalidwa pamalo oonekera kumsewu. Pa malipoti anu lembani kuti ndi mipata ingati yatsekedwa, ndipo ndi mbande zingati zili moyo patatha zaka zisanu.

Mipata imeneyi ili ndi eni ake. Pamene ife timaona mzere pa mapu, pali munda wa munthu. Mlimi wochita tavy, kudula ndi kutentha phiri kuti adzale mpunga, sadana ndi babakoto. M'madera ambiri kupha nyamayi ndi fady, chinthu choletsedwa ndi makolo, ndipo mwambo umenewu wateteza indri kuposa malamulo ambiri a boma. Lamulo lanu la GELOSE la 1996 linapereka mphamvu yoyang'anira nkhalango kwa magulu a m'midzi otchedwa VOI, koma ambiri anapatsidwa udindo wopanda chowathandizira. Munthu amene mwamupempha kuti asiye munda wake ubwerere kukhala nkhalango alipidwe mokwanira, chaka ndi chaka, osati kamodzi kokha pa tsiku lojambulitsa zithunzi. Ku Anja, pafupi ndi Ambalavao, mudzi umayendetsa wokha malo a alemur a mchira wa mizeremizere ndipo ndalama za alendo zimatsala pamudzi. Ku Menabe Antimena nkhani ndi ina. Nkhalango youma ya kumeneko, kwawo kokha kwa kalemur ka Madame Berthe, ikutenthedwa kuti padzalidwe chimanga ndi mtedza. Ogwira nkhwangwa ambiri ndi anthu othawa chilala kummwera, ndipo phindu limapita kwa amalonda amene amawatuma ndi kugula zokololazo. Kumanga waganyu n'kusiya womutuma sikungapulumutse mtengo ndi umodzi womwe.

Pali zigamba zina zimene sizidzalumikizikanso, ndipo tivomereze. Kumeneko muyenera kunyamula nyama ndi manja. Ku Florida, m'dziko la America, nyalugwe wa kumeneko wotchedwa panther anatsala 20 kapena 30, ana akubadwa ndi michira yopindika ndi matenda a mtima. Mu 1995 anabweretsa akazi 8 kuchokera ku Texas, ndipo zilemazo zinachepa, chiwerengero n'kukwera. Kuno kwathu mikango inabwezeretsedwa ku Majete mu 2012, ndipo patapita zaka anabweretsanso ina kuti magazi asakhale amodzi, popeza malowo ndi otchingidwa ndi waya. Inunso muli nacho chitsanzo. Ku Betampona, chigamba cha mahekitala oposa 2,200 pafupi ndi Toamasina, a Madagascar Fauna Group anamasula Varecia 13 obadwira kumalo osungira nyama ku America pakati pa 1997 ndi 2001. Ena anadyedwa ndi fosa, koma ena anabereka, mpaka kuberekana ndi a m'tchire. Ntchitoyi ndi yodula ndiponso yowawa, ndipo imafuna kuyeza matenda ndi DNA nyama isanasamutsidwe. Pakufunika ndondomeko ya dziko lonse yonena kuti ndi zigamba ziti, nyama zichokere kuti, ndipo zilolezo zituluke m'miyezi ingati, m'malo moti bungwe lililonse lizidzionera lokha.

Kwa inu opereka ndalama: kwa zaka zambiri magazi, ubweya ndi ndowe za alemur zakhala zikukwera ndege kukayezedwa ku Ulaya ndi ku America. Pangano la Nagoya la 2010 limati dziko limene kwachokera chuma chotere lipindule nacho. Phindu lenileni ndi makina, mankhwala a mu labotale, magetsi odalirika ndi malipiro a akatswiri a ku mayunivesite a Antananarivo ndi Mahajanga, kuti wophunzira wa Chimalagasi atole ndowe ku Manombo, aziyeze kwawo konko, ndipo zotsatira zifike kwa woyang'anira nkhalango chaka chomwecho. Lero DNA imapezeka m'ndowe popanda kugwira nyama, choncho alonda ndi a VOI akhoza kuphunzitsidwa kutola.

Mu December 2022 ku Montreal, mayiko anagwirizana zoteteza kusiyanasiyana kwa chibadwa cha zamoyo zam'tchire, ndipo chimodzi mwa zoyezera zake n'chakuti ndi magulu angati a mtundu uliwonse amene ali ndi zobereka zoposa 500. Madagascar ili m'panganoli. Ndikupempha unduna wanu, Olemekezeka a Nduna, kuti uyambe ndi mitundu 33 ija, ulembe gulu lililonse lodziwika, kukula kwake, ndi mtunda wofika ku gulu loyandikana nalo. Mapu amenewo atuluke m'Chimalagasi, apachikidwe m'maofesi a makomyuni (maboma aang'ono a m'madera), ndipo aliyense wopempha chilolezo cha mgodi, msewu kapena munda waukulu aonetse kaye kuti sakudula mpata umene walembedwapo.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo, Zomba